PHUNZIRO LA UNZIKA M'SUKULU ZA M'CHIGWA CHA SHIRE: KODI ANA APHUNZITSIDWE BWANJI?

Yolembedwa ndi Mtolankhani Wathu

Munthu wochokera ku Blantyre akatsika mapiri nafika pa Thabwa, naoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, walowa m'dziko limene nkhani za Boma sizikhala za m'buku mokha iai. Kuno madzi akasefukira usiku, m'mawa mwake anthu afuna kudziwa amene ayenera kulemba maina ao, amene atumize bwato, ndi amene angakamdandaulire ngati thumba la chimanga lolembedwa dzina lao lapita kwa munthu wina. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 560,000 m'boma la Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 m'boma la Nsanje, ndipo chigawo chachikulu cha anthu amenewa ndi ana. Ambiri a ana awa sukulu yao ithera ku pulaimale. Chotero zimene mwana wa ku Ngabu kapena ku Makhanga adzadziwa za malamulo a dziko, za nchito ya phungu, ya khansala ndi ya mfumu, ndi zimene azimva asanatuluke mu Sitandade 8. Akazisowa pamenepo, kawirikawiri wazisoweratu.

Awerengi athu ambiri akumbukira phunziro limeneli ndi dzina lakale la Civics. Funso limene livuta aphunzitsi ndi akuluakulu a maphunziro ndi ili: kodi ana akhoza bwino phunziroli akaliloweza pamtima, kapena akakambirana ndi kuchita zinthu ndi manja ao? Ndipo kodi nzoona zimene ena anena, kuti mwana ali yense ali ndi njira yakeyake yophunzirira imene mphunzitsi ayenera kuitsata?

KUMENE TACHOKERA

Sukulu zoyamba za m'chigwa muno zinali za mishoni. A South Africa General Mission anakhazikika pa mapiri a Lulwe ndi Chididi, ndipo ansembe a Montfort anatsegula malo ao ku Chikwawa ndi ku Port Herald, kumene lero titi Nsanje. Njira yophunzitsira inali ya katekisimu, funso ndi yankho lake, ana nabwereza onse pamodzi kufikira mauwo atakhazikika. Boma la Atsamunda linatsegula Dipatimenti ya Maphunziro m'chaka cha 1926, ndi sukulu ya Jeanes ku Domasi mu 1929, koma njira ya m'kalasi sinasinthe kwenikweni.

M'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, Civics inali phunziro lapalokha pambali pa History ndi Geography. Ana analoweza tanthauzo la mitundu ya pa mbendera, maina a nduna, ndi ngodya zinai zija: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Kunena zoona, amene anaphunzira masiku amenewo akumbukirabe zambiri kufikira lero, ndipo ichi ndi umboni wakuti kuloweza kuli ndi mphamvu yake. Koma dziko linali la chipani chimodzi kuyambira 1966, ndipo mphunzitsi wanzeru sanalole kuti kalasi yake iyambe kufunsa ngati lamulo lina linali labwino kapena loipa. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maphunziro atatu aja anaphatikizidwa kukhala limodzi lotchedwa Social Studies.

Tsono zinthu zinatembenuka msanga. Pa 14 June 1993 anthu anasankha ndale za zipani zambiri, pa 17 May 1994 kunachitika chisankho, ndipo chaka chomwecho Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale. Ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni nafika cha m'ma 3 miliyoni m'nyengo imodzi. Boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzira nchito, amene anadzaphunzitsidwa pambuyo pake ali kale m'kalasi. Wolemba nkhani ino anayamba sukulu m'zaka zimenezo, pansi pa mtengo, bolodi litatsamira pa thunthu, ndipo akumbukira bwino lomwe kuti tinaphunzira mau akuti "ufulu wachibadwidwe" mwa njira yomweyo imene akulu athu anaphunzirira ngodya zinai, poimba ngati nyimbo. Nkhani inasintha, njira inatsala yakale.

Boma linaona vutoli. Akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi anakonza ndondomeko yatsopano yotchedwa PCAR, imene inayamba kulowa m'sukulu mu 2007. M'menemo za unzika zinaikidwa m'phunziro la Social and Environmental Sciences, ndipo aphunzitsi anauzidwa kuti mwana ndiye akhale pakati pa phunziro: akambirane m'magulu, achite sewero, afufuze kwao nabwere ndi yankho.

ZIMENE AKUNJA ANAPEZA

Ganizo ili silinayambire kuno. John Dewey wa ku America analemba kale mu 1916 kuti munthu aphunzira kudzilamulira pakuyesa kudzilamulira, ndi kuti sukulu iyenera kukhala ngati mudzi waung'ono. Mu 1999 bungwe la IEA linayesa ana a zaka 14 pafupifupi 90,000 m'maiko 28, motsogozedwa ndi Judith Torney-Purta, ndipo linapeza kuti m'maiko ambiri ana amene anati m'kalasi mwao aloledwa kunena maganizo ao ndi kutsutsana mwaulemu ndi amene anadziwa zambiri za kayendetsedwe ka dziko. Pafupi ndi ife, Steven Finkel ndi Howard Ernst anafufuza ana a sekondale a ku South Africa nafalitsa zopeza zao mu 2005. Iwo anaona kuti kungophunzira phunziroli kuonjezera zimene mwana adziwa, koma kusintha mtima wake, kuti alolere mnzake wa maganizo ena ndi kukhulupirira malamulo, kuchitika makamaka pamene ana achita nao zinthu monga masewero a khoti ndi chisankho, ndiponso pamene aona kuti mphunzitsi wao adziwa zimene akunena.

Tisaiwale kuti amenewa anali ana okulirapo, odziwa kale kuwerenga. Amene atenga zopeza izi nazigwetsera pa kalasi ya ana 100 kapena kuposa, okhala pansi m'nyumba ya malata m'mwezi wa November, kutentha kutapitirira madigiri 40 monga kuchita ku Ngabu ndi ku Bangula, aona zina. Boma lifuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi ambiri a m'chigwa chiwerengero chimenechi chili patali. Mphunzitsi akati "khalani m'magulu," nthawi ithera kukokera ana uku ndi uku. M'gulu lili lonse ayankhula awiri ochenjera, ena angoyang'ana. Buku ndi limodzi pakati pa ana ambiri. Ndipo belu likalira palibe chimene chalembedwa m'kope. Ife tiganiza kuti gulu lotere siliposa kuloweza kwakale. Mwina lichepa, pakuti kale mwana anatuluka ndi kanthu m'mutu.

Komanso pali kuloweza kwa mitundu iwiri, ndipo anthu aisokoneza. Kwina ndi kuja mphunzitsi anena chiganizo, ana onse nabwereza, iye nafunsa "Mwamva?" onse nati "Inde!" M'phokoso limenelo mwana wosamva abisala bwino lomwe, ndipo mphunzitsi sangamdziwe kufikira tsiku la mayeso. Kwina ndi kuja mwana atseka buku nayesa yekha kukumbukira zimene anaphunzira dzana. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa mu 2006 kuti ophunzira amene anadziyesa chotere anakumbukira zambiri patapita sabata kuposa amene anangowerenga mobwereza. Njira imeneyi sifuna ndalama, sifuna magetsi, ndipo itheka ngakhale pansi pa mtengo: mafunso asanu pa bolodi m'mawa, mwana ali yense nalemba yankho lake, nasinthana makope.

ZA NJIRA YA MWANA ALI YENSE

Tsono tibwere ku chiphunzitso chimene chafala kwambiri m'misonkhano ya aphunzitsi, chakuti ana ali m'mitundu: ena aphunzira ndi maso, ena ndi makutu, ena powerenga ndi kulemba, ena pogwira ndi manja. Mphunzitsi wina wa ku New Zealand, Neil Fleming, ndiye anatchukitsa kagawidwe kameneka kuyambira 1987. Ndi chiphunzitso chokoma kumva, chifukwa chipatsa kholo chiyembekezo chakuti mwana wake si mbuli, koma kuti mphunzitsi sanapeze khomo lolowera.

Mu 2008 akatswiri anai a ku America, motsogozedwa ndi Harold Pashler, anasanthula nkhaniyi. Iwo anati umboni wake ungakhale umodzi wokha: mugawe ana monga mwa mitundu yao, ena muwaphunzitse mwa njira imene akuti ndi yao, ena mwa njira ina, onse alembe mayeso amodzi, muone ngati oyambawo apambana. Anapeza kuti ofufuza amene anachita chomwechi anali owerengeka, ndipo mwa owerengekawo ambiri sanaone phindu. Ana ali nazo ndithu njira zimene azikonda, koma kukonda njira ndi kuphunzira bwino nayo ndi zinthu ziwiri.

Chimene chitsala ndi ichi, kuti njira itsate phunziro, isatsate mwana. Malire a boma la Nsanje ndi Mozambique ayenera kuonedwa pa mapu ndi ana onse, pakuti palibe mwana angawamve ndi makutu okha. Kaweruzidwe ka mlandu kayenera kumvedwa. Kuponya voti kuyenera kuchitidwa, ndi katoni ndi timapepala. Mphunzitsi wa ana 100 amene auzidwa kuti akonze phunziro limodzi m'njira zinai ataya usiku wake chabe, ndipo choopsa china nchakuti mwana akauzidwa kuti iye ndi "wa manja" aleka kulimbana ndi buku, pamene mayeso adzabwera olembedwa.

Kusiyana kwenikweni kwa ana kulipo, koma kuli kwina. Wina samva bwino chifukwa khutu linatuluka mafinya, ndipo wakhala kumbuyo. Wina saona pa bolodi. Wina wabwera osadya kanthu, chifukwa chake phala la kusukulu lithandiza phunziro kuposa njira zambiri za m'mabuku. Ndipo ambiri afika Sitandade 5 asanadziwe kuwerenga mosadodoma. Mayeso a SACMEQ a 2007, oyesa ana a Sitandade 6 m'maiko a kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, anaika Malawi pansi penipeni pa kuwerenga, ndipo nchifukwa chake Boma linayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016. Mwana wosatha kuwerenga funso sangakhoze za unzika, mungamuike m'gulu kapena kumuimbitsa nyimbo.

ZIYANKHULO ZITATU

Apa ndi pamene mwana wa m'chigwa asenza katundu woposa wa anzake a ku Lilongwe kapena ku Dedza. M'midzi yambiri ya ku Nsanje ndi kum'mwera kwa Chikwawa mwana akula ndi Chisena. Ana a Amang'anja ali pabwinoko, popeza chiyankhulo chao chili pafupi ndi Chichewa. Mwana wa Chisena akafika pa sukulu apeza mabuku a Chichewa, chimene chinakhazikitsidwa ngati chiyankhulo cha fuko mu 1968. Mu 1996 Unduna unalola kuti ana a Sitandade 1 kufikira 4 aphunzire m'chiyankhulo cha kwao, koma mabuku a Chisena sanafike m'makalasi monga anthu anayembekezera, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo. M'makalasi apamwamba ndi pa mayeso a Sitandade 8, zonse ndi Chingerezi kupatula pepala la Chichewa.

Tayerekezani mwana wa kwa Tengani amene wakula akuona milandu pa bwalo. Adziwa amene ayamba kulankhula, adziwa nchito ya mboni, adziwa kuti woluza kwa nyakwawa angathe kupita kwa gulupu, nachokera kwa gulupu kupita kwa mfumu yaikulu. Mwana ameneyu adziwa kale chimene mau a Chingerezi akuti "appeal" atanthauza, koma akawaona pa pepala sawazindikira, ndipo wolemba malikisi aganiza kuti sadziwa kanthu. Mphunzitsi amene ayambira pa bwalo, m'chiyankhulo cha anawo, nafika nao ku khoti la majisitireti ndi ku Khoti Lalikulu, napereka mau a Chingerezi pomalizira, wamangira pa maziko amene alipo kale. Amene ayambira pa mau a Chingerezi asiya anawo ndi mau opanda kanthu m'kati.

Mau oloweza popanda tanthauzo sachedwanso kukalamba. Aphungu anali 177 mu 1994, nakhala 193 kuyambira 1999, ndipo pa chisankho cha pa 16 September 2025 zigawo zinali 229. Mwana amene analoweza 193 m'buku lakale wagwa. Amene anamva kuti zigawo zidulidwanso anthu akachuluka, kuti mau a munthu wa ku Chapananga alemere mofanana ndi a munthu wa ku Ndirande, angolandira nambala yatsopanoyo napitirira. Ndipo tikumbuke kuti makhansala amene anasankhidwa mu 2000 anatha nchito mu 2005, osasankhidwanso ena kufikira 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinai ana analoweza nchito za munthu amene panalibe m'mudzi mwao.

CHIGWA CHOMWE NDI BUKU

Madzi osefukira ndiwo mdani wamkulu wa sukulu kuno. Mu January 2015 Boma linalengeza za ngozi m'maboma 15, ndipo Nsanje ndi Chikwawa ndiwo anavutika koposa. Kunadza Idai mu March 2019, Ana mu January 2022, Gombe patangopita miyezi iwiri, ndi Freddy mu March 2023, pamene Unduna unatseka sukulu m'maboma a kum'mwera. Nthawi zonsezi sukulu zomangidwa pa mtunda zinasanduka misasa ya othawa madzi, mabanja nagona m'makalasi, mabuku nanyowa, madesiki ena nathera pa moto. Masabata akataika, mphunzitsi athamangira Chingerezi ndi masamu, ndipo za unzika azipereka ngati manotsi okopera pa bolodi. Sitingamdzudzule kwambiri.

Komatu msasa umenewo ndi phunziro la unzika loposa lili lonse la m'buku. Anawo aona ndi maso ao komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ikulemba maina, aona Bwanamkubwa ndi anthu a nthambi ya DoDMA, aona asilikali ndi mabwato ao, amva makolo akukangana ngati asamukire ku mtunda monga Boma liwapempha kapena abwerere ku madimba kumene nthaka ibala kawiri pa chaka. Funso limeneli, limene anthu a kwa Nyachikadza ndi a ku Makhanga alimbana nalo zaka zambiri, lili ndi zonse m'kati mwake: udindo wa Boma woteteza moyo, ufulu wa munthu wokhala kumene afuna, mphamvu ya mfumu pa malo, ndi mlandu wa mwini malo a ku mtunda amene apemphedwa kulandira alendo. Ana a Sitandade 7 angathe kulikambirana, ndipo palibe angakhale chete, pakuti ali yense ali ndi mbali yake. Mphunzitsi asamale chinthu chimodzi, kuti asalowetsepo za zipani kapena kutchula maina a anthu a m'mudzimo.

Nkhani ya malo ndi inanso. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, inakonzedwa kuti idzathirire mahekitala oposa 40,000, ndipo alimi afunsidwa kuphatikiza minda yao ndi kulima pamodzi monga achitira a nzimbe a ku Phata ndi ku Kasinthula. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi gulupu, okhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amai. Mtsikana amene ali mu Sitandade 6 lero angathe kudzakhala m'komiti yotere zaka khumi zisanathe, nasaina pepala lokhudza munda wa banja lake. Ayeneranso kudziwa kuti kuyambira 2017 Malamulo Aakulu a dziko salola ukwati kwa munthu wosafika zaka 18, ndi kudziwa khomo limene angagogode wina akamkakamiza.

Ngakhale mbiri yakale ithandiza. M'zaka za m'ma 1950 Boma la Atsamunda linalamula alimi a m'chigwa kulima mitumbira, anthu nakana ponena kuti siyenerana ndi nthaka ya kuno, ambiri nalipitsidwa ndi kumangidwa. Elias Mandala anafotokoza za nyengo imeneyi m'buku lake la mbiri ya chigwachi la 1990, ndipo m'midzi muli agogo amene anaimva kwa makolo ao. Mwana akafunsa agogo ake nadzasimba m'kalasi, funso lakuti chifukwa ninji lamulo likambidwa m'Nyumba ya Malamulo lisanagwire nchito liyankhika lokha.

MAYESO NDIWO ATSOGOLERA

Tisadzinamize, mphunzitsi wa Sitandade 8 ayang'ana kwa MANEB, bungwe limene lakhala likulembetsa mayeso kuyambira 1987. Malo a ku sekondale ndi ochepa, ndipo makolo ayesa mphunzitsi ndi chiwerengero cha ana osankhidwa. Za unzika zilibe pepala lakelake. Ziphatikizidwa ndi mbiri, za malo ndi za chipembedzo, ndipo mafunso ambiri ndi osankha yankho limodzi mwa angapo. Funso likafuna dzina kapena chaka, mphunzitsi aloweza ana maina ndi zaka. Likapereka kankhani kakafupi, monga ka munthu amene dzina lake lachotsedwa pa mndandanda wa chithandizo, nilifunsa kumene ayenera kupita, mphunzitsi yemweyo ayamba kuphunzitsa ana kuganiza popanda womuumiriza. Olemba mayeso ali ndi mphamvu pa kalasi kuposa misonkhano yonse ya aphunzitsi.

Pali zina zimene sizidikira lamulo lochokera ku Lilongwe. Alangizi a maphunziro a m'madera, amene asonkhanitsa aphunzitsi ku ma TDC, angathe kugwirizanitsa aphunzitsi odziwa Chisena kuti alembe mndandanda wa mau a phunziroli m'ziyankhulo zitatu, kuti mphunzitsi wochokera ku Mzimba kapena ku Ntcheu amene watumizidwa kwa Ndamera asayambire pa chabe. Aphunzitsi akulu angathe kulola ana kusankha okha atsogoleri ao mwachinsinsi, mavoti nawerengedwa poyera pamaso pa onse, ndipo wosankhidwayo aloledwe kugwira nchito ngakhale si amene aphunzitsi anamfuna. Pakuti ana akaona kuti zotsatira zasinthidwa mu ofesi, aphunzira phunziro lina limene sitifuna. Khansala wa deralo ndi gulupu angaitanidwe kamodzi pa teremu kudzayankha mafunso amene ana akonzeratu.

Ndipo popeza chaka cha sukulu chiyamba mu September, pamene madzi oopsa abwera pakati pa January ndi March, aphunzitsi a m'madera a m'mphepete mwa Shire, Ruo ndi Mwanza angachite bwino kuika mitu yolemera ya Malamulo Aakulu ndi nthambi zitatu za Boma m'teremu yoyamba, misewu ikali youma ndi makalasi akali a ana, nasungira teremu yachiwiri mitu ya ngozi, malo ndi makomiti a m'mudzi, imene ingaphunzitsidwe ngakhale pa bwalo la msasa.